Musanagule kapena kugulitsa wotchi yakale

Mawotchi akale abwino a kuno ku chigwa cha Shire sapezeka m'masitolo. Ali m'masutikesi achitsulo kunsi kwa bedi, okulungidwa pa kansalu pamodzi ndi zitupa zakale ndi makhadi a ku tchalitchi. Ena amatulukira pa msika wa Nchalo, Ngabu kapena Bangula, atayalidwa pa thumba pamodzi ndi maloko, mipeni ndi matochaji a foni, wogulitsayo osadziwa n'komwe chimene wayala. Ntchito yanga ndi kukonza mawotchi, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa mawotchi amenewa amafika pa tebulo panga atawonongedwa kale ndi munthu amene ankafuna kuwakongoletsa.

Kuti muwamvetse, yambani ndi njira imene anafikira kuno. Sitima inkadutsa m'chigwa chino kuchokera ku Blantyre kudzera ku Nsanje, pa nthawiyo kukutchedwa Port Herald, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935 munthu ankatha kufika ku Beira osatsika kuti awoloke Zambezi. Azibambo ambiri anapita ku Halale, ku Bulawayo, ku migodi ya malasha ya Wankie, ena ku Joni kudzera pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, mpaka ndege yonyamula anthu athu inagwa ku Francistown mu 1974 ndipo boma la Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu. Wobwera ku ulendo wotere ankabwera ndi njinga, wailesi, jekete, ndi wotchi pamkono. N'chifukwa chake mayina amene ndimawaona kawirikawiri ndi a nthawi imeneyo: Roamer, Rotary, Oris, Tissot a ku Switzerland, kenako Seiko, Citizen ndi Orient a ku Japan. Omega imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ikapezeka kumbuyo kwake nthawi zina kumakhala dzina la mwini wake ndi zaka zimene anagwira ntchito pa kampani.

Onsewa ndi mawotchi opanda batire. Mkati mwake muli sipuling'i yaitali yokulungidwa m'kabokosi kozungulira. Mukamawayinda ndi kamutu ka m'mbali kaja mukumanga sipuling'iyo, ndipo ikamamasuka pang'onopang'ono imayendetsa timagudumu ta mano. Chimene chimaletsa kuti isamasuke kamodzin'kamodzi ndi kagudumu kena kamene sikazungulira koma kamapita uku ndi uku, kogwidwa ndi kasipuling'i kopyapyala kwambiri. Kulira mumamva mukayika wotchi pa khutu kuja ndi kwa malo amenewa. Mawotchi ambiri akale amagunda ka 18,000 pa ola, kutanthauza kasanu pa sekondi. Ena ka 21,600, ena ka 28,800. Akamangidwa mokwanira amayenda maola pafupifupi 40. A otomatiki ali chimodzimodzi, kungoti muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka n'kumamanga sipuling'i kokha.

Zonsezi zinasokonekera pa 25 December 1969, pamene Seiko inatulutsa Astron, wotchi yoyamba ya pamkono ya batire yogulitsidwa kwa anthu yogwiritsa ntchito kamwala ka quartz. Pasanathe zaka zambiri mawotchi a batire anatsika mtengo, ankasunga nthawi bwino kuposa owayinda, ndipo ku Switzerland anthu ogwira ntchito yopanga mawotchi anatsika kuchoka pa pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika cha m'ma 30,000 m'zaka za m'ma 1980. Makampani ang'onoang'ono ambiri anatsekeka. Apa ndi pamene pali gwero la mtengo wa wotchi yakale: zimene anapanga nthawi imeneyo sizidzapangidwanso, ndipo chaka chilichonse zotsala zikuchepa.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Yang'anani muvi wa masekondi. Ukamadumpha kamodzi pa sekondi, ndi ya batire. Ukamayenda timasitepe tating'onoting'ono ngati ukutsetsereka, ndi ya sipuling'i. Ngati yaima, iwayindeni pang'ono, kapena igwedezeni ngati ili ya otomatiki, muone ngati muviwo uyambe. Ikalimba musaikakamize.

Tsopano pa nkhani imene ndikufuna muimve bwino. Munthu wotolera mawotchi, kaya ali ku Blantyre, ku Johannesburg kapena ku London, chimene amalipira ndi chakuti wotchiyo ikadali mmene inachokera ku fakitale. Nkhope yake, kutanthauza pamene pali manambala ndi dzina paja, ndiyo imanyamula gawo lalikulu la mtengo. Nkhope yoti yachita chikasu ndi zaka, ili ndi timadontho apa ndi apo, imagulidwa mokondwa. Nkhope yoti wina anaipukuta ndi sipiriti, zilembo n'kufufutika, kapena anaipakanso penti kuti iwale, yataya zambiri ndipo palibe mmisiri angaibwezere. Chimodzimodzi thupi lake: anthu amalikwecha ndi sandipepa kapena phulusa kuti zipsera zichoke, m'mbali mwake mmene munali mosongoka n'kukhala mobulungira. Galasi lokandika lisakudetseni nkhawa. Magalasi ambiri akale ndi apulasitiki, amasalala ndi mankhwala otsukira mano pa kansalu kofewa, ndipo akasweka amasinthidwa popanda kuchotsa mtengo weniweni. Lamba nayenso amasinthidwa, koma ngati wachitsulo woyambirira uja alipo, ngakhale wothyoka, musamutaye.

Tembenuzani wotchi muwerenge kumbuyo. Pa Seiko m'pamene pali zambiri zoti munthu wamba angathe kudziwerengera yekha. Pamakhala manambala awiri. Ya manambala anayi, kamzere, ndi ena anayi imakuuzani mtundu wa makina ndi wa thupi. Inayo, kawirikawiri ya malo asanu ndi limodzi, imakuuzani nthawi imene inapangidwa: malo oyamba ndi nambala yomaliza ya chaka, achiwiri ndi mwezi, 1 mpaka 9, kenako O, N ndi D pa October, November ndi December. Mwachitsanzo makina a 6309 ankapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1988, ndiye mukaona 6309 ndi nambala yoyamba ndi 2N, wotchi imeneyo ndi ya November 1982. Nambala ya makina yomweyo iyenera kupezekanso m'tizilembo tating'ono kumunsi kwa nkhope, ndiponso pa makina enieniwo mkati. Zitatuzi zikasemphana, wotchiyo ndi yolumikiza.

Yolumikiza ndiyo yachuluka masiku ano, makamaka pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ku India kuli amisiri amene amatola makina akale a Seiko 5, Citizen ndi HMT, n'kuwaveka nkhope zatsopano zopentedwa zofiira, zobiriwira, zachikasu, mitundu imene fakitale sinatulutsepo. Seiko 5 yeniyeni inayamba mu 1963 ndipo ndi wotchi yolimba zedi. HMT inali kampani ya boma la India imene inaphunzira ntchitoyi kwa Citizen, ndipo inatseka gawo la mawotchi mu 2016. Mayina ndi abwino, koma zolumikizazi mkati mwake mumakhala zitsulo zotha, nthawi zina nkhope yomata ndi guluu. Wotchi imene akuti ndi ya m'ma 1970 koma nkhope yake ilibe kadontho ngakhale kamodzi, muifunse mafunso ambiri. Za Rolex ya pa thumba la pa msika sinditayapo nthawi: pafupifupi zonse ndi zachinyengo, ndipo ngati mukuganiza kuti yanu ndi yeniyeni, pitani nayo kwa mmisiri akaitsegule musanatulutse kapena kulandira ndalama.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapusitsa mabanja ambiri. Choyamba ndi mawu akuti 17 jewels kapena 21 jewels. Anthu amamva kuti muli miyala yamtengo wapatali, ena mpaka kuswa wotchi kuti aichotse. Timiyala timeneti ndi topanga ku fakitale, tofiira, ntchito yake ndi kukhala pamene nsonga za magudumu zimazungulira kuti zisadyeke. Patokha sitigulika. Chachiwiri ndi golide. Golide weniweni amadindidwa nambala: 375 pa 9 carat, 585 pa 14, 750 pa 18, kawirikawiri mkati mwa chivundikiro. Mukaona plaqué, gold plated, kapena 20 microns, ndi wongokutira pamwamba. Mukaona stainless steel back, ndiye kuti chitsulo chosachita dzimbiri ndi chivundikiro chokha, thupi lonse ndi chitsulo china chokutidwa, chimene thukuta limachidya.

Thukuta limeneli ndi nkhani ya kuno. Mu October ndi November kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo mchere wa m'thukuta umalowa pa mphira wa chivundikiro ndi pa kamutu kowayindira. Mphira wa zaka makumi anayi unauma kalekale. Ngakhale kumbuyo atalemba waterproof, lonjezo limenelo linali la tsiku limene inagulidwa. Musasambe nayo, musawoloke nayo Shire pa bwato ili pamkono wopalasa, musapite nayo ku dimba. Mukaona nthunzi mkati mwa galasi m'mawa, madzi alowa kale.

Ndiye pali madzi osefukira. A January 2015, a namondwe Ana mu 2022, a namondwe Freddy mu March 2023, onsewa anamiza masutikesi aja. Wotchi yolowa madzi a matope imapulumuka ngati yatsegulidwa ndi kutsukidwa m'masiku ochepa oyambirira. Ikakhala miyezi, dzimbiri limamanga magudumu, ndipo zitsulo zosinthira za makina a kampani yoti inatsekeka kale zimapezeka pokhapokha mutapha wotchi ina ya mtundu womwewo. Kuikwirira mu mpunga kapena kuiyanika pa dzuwa itatsekedwa sikuchotsa madziwo. Amangosanduka nthunzi n'kukakhala pa nkhope. Choncho pogula yakale kuno, pemphani kuti chivundikiro chitsegulidwe muone mkati. Makina akuda ndi mafuta ouma amatsukika. Makina ofiira ndi dzimbiri asiyeni, pokhapokha ngati nkhope ndi mivi zili bwino ndipo mtengo ndi wa zimenezo zokha.

Mafuta ndi pamene amisiri a m'mbali mwa msewu amalakwitsa kwambiri. Wotchi yonse imafuna timadontho tosaoneka bwino ndi maso, toikidwa ndi kansonga pa kamwala kalikonse, makina ataphwasulidwa ndi kutsukidwa kachitsulo kamodzikamodzi. Kuthira mafuta a makina osokera kapena kuiviika mu palafini kumaiyendetsa sabata imodzi, kenako kasipuling'i kaja kamamatana, wotchi n'kuyamba kuthamanga mphindi zambiri pa tsiku. Kuthamanga kotereku kumabweranso ndi maginito, ngati mumaisiya pamwamba pa sipika kapena pa wailesi, ndipo kumeneko mmisiri amakuthetsa mwachangu. Wotchi yovalidwa tsiku ndi tsiku imafuna kutsukidwa pakatha zaka pafupifupi zisanu, ndipo ndi fumbi ndi kutentha kwa kuno ine sindilola kuti zipitirire pamenepo.

Chenjezo limodzi la umoyo: mawotchi opangidwa isanafike 1960, ndi ena a zaka zotsatira, manambala ndi mivi yowala usiku ija inkapakidwa radium. Ngakhale inasiya kuwala, poizoni wake akadalipo. Galasi likakhala lotseka vuto ndi lochepa, koma musakande utoto umenewo, musauzire fumbi lake ndi pakamwa, ndipo musapatse mwana wotchi yotere yosweka galasi kuti aziseweretsa. Zolembedwa T Swiss T kumunsi kwa nkhope zikutanthauza tritium, amene analowa m'malo mwake ndipo mphamvu yake imatha msanga.

Pa mtengo, musadalire zimene munthu akutchula pa intaneti, chifukwa aliyense amatchula zimene akufuna. Pa eBay pali njira yoonera zimene zinagulidwa kale ndi mtengo umene unalipidwa; fufuzani ndi nambala ya kumbuyo ija, mufananize ndi yofanana maonekedwe, kenako muchotsepo ndalama yotsukitsa. Roamer kapena Seiko 5 wamba sikulemeretsani, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Omega yosakhudzidwa, kapena Seiko yakale yolowera nayo m'madzi imene ili ndi mkombero wozungulira, imeneyo ndi ndalama ndithu.

Ngati mukugula pakhomo pa munthu, funsani kuti wotchiyo ndi ya ndani. Zambiri ndi chuma cha masiye, ndipo mdzukulu amene wakutulutsirani madzulo mwina sanauze amayi ake kapena amalume ake. Ine ndimati akulu a banjalo akhalepo, ndiwauze chimene ali nacho ndi mtengo umene chingapite nawo kunja, asankhe okha. Ndipo muwafunse ngati kabokosi kake, lisiti ya sitolo ya ku Beira kapena ku Bulawayo, kapena chithunzi cha malemu atavala wotchiyo chikadali m'sutikesimo. Ogula amawonjezera ndalama pa kabokosi ndi lisiti, ndipo chithunzicho chijambuleni pa foni, chenichenicho chitsale ndi banja.