BK, dambwe ndi sukulu: gwero la mkangano wathu ku Kasungu

Kuno ku Kasungu sukulu inabwera m'chikwama chimodzi ndi Baibulo. Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia atakhazikika kuno mu 1900, m'midzi munayamba kumera timasukulu ta udzu, mphunzitsi yemweyo n'kukhalanso mlaliki Lamulungu. Mwana ankaphunzira zilembo kuti akawerenge Mawu ndi kulowa kalasi ya ubatizo. Kamuzu Banda naye anayambira momwemo, pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama, asanapite ku Chilanga. M'zaka za m'ma 1920 a Livingstonia anapereka mishoni ya Kasungu kwa a Dutch Reformed a ku Nkhoma, ndipo boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, sukulu zitakhala kale m'manja mwa mipingo.

Komatu asanafike amishoni, ana athu sankakula opanda malangizo. Mnyamata ankagula njira kudambwe, mtsikana ankavinidwa chinamwali, anamkungwi n'kumuuza za ulemu, za maliro, za banja, za kuopa mdulo. Amishoni anaona zonsezi ngati chikunja. Mkhristu wopezeka ku Gule ankadulidwa mu mpingo, nawonso mafumu ena ankakokera anyamata kudambwe kuti asawatayire kusukulu. Mwana ndiye ankakhala pakati, kuuzidwa kuti asankhe pakati pa sileti ndi malume ake. Mpingo wa Nkhoma pambuyo pake unayambitsa chilangizo m'malo mwa chinamwali, umboni wakuti nawonso anaona kuti mwana sangakule ndi zilembo zokha.

Tinalandira ufulu mu 1964 phunziro la Bible Knowledge, lomwe tonse timangoti BK, likadali pamalo pake. Linagwedezeka mu 2000, pamene boma la Bakili Muluzi linafuna kulichotsa kusekondale n'kuikapo Religious and Moral Education, phunziro lokamba za Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Mipingo inakwiya kwambiri. Poti Muluzi ndi Msilamu, ambiri anangoti cholinga n'kulowetsa dziko Chisilamu. Iye anaimitsa kaye dongosololo, ndipo atakambirana anagwirizana kuti maphunziro onse awiri akhalepo, sukulu izisankha yokha.

Ine ndinaphunzira BK ndipo ndimaikonda mpaka lero. Uthenga wa Luka ndi Machitidwe a Atumwi zinandiumba. Koma chimandipweteka n'chakuti nkhani yonse ija inangokambidwa ngati ya tchalitchi ndi mzikiti, pamene mbali yachitatu, ya makolo athu, inalibe woiyankhulira mokweza. Kuno kwathu, komwe ng'oma za Gule zimamveka usiku mpaka kunyumba za aphunzitsi, mbali imeneyi ndiyo ili pakhomo penipeni pa mwana. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma mwana wa kwa Lukwa kapena kwa Kaomba amachitabe manyazi kutchula m'kalasi kuti agogo ake ndi a mzinda wa Gule.

Sindikubisa kuti kudambwe kuli zofunika kukonza. Anyamata ena amajomba milungu ingapo nthawi ya zizangala, ena amabwerako atayamba mwano kwa aphunzitsi aakazi, ndipo zilombo zina zimathamangitsa ana panjira ya kusukulu. Mafumu ambiri tsopano amalamula kuti chinamwali chizichitika patchuthi, ndipo ndimawayamikira. Koma zotere zimatheka pamene ahedi, a komiti ya sukulu, abusa, mashehe ndi eni mzinda akhala pabwalo limodzi. Mphunzitsi amene anauzidwa kuyambira ali mwana kuti Gule ndi wa Satana amavutika kukhala pabwalo lotero, ndipo mnyamata wobwera kudambwe amadziwa msanga kuti aphunzitsi ake amamuona bwanji. Ena mwa anyamata otere sabwereranso m'kalasi teremu yotsatira.