Magetsi a mu Ubongo Amasintha Bwanji Munthu Akagona?

Ambiri amaganiza kuti munthu akagona ubongo umazima, n'kudzayakanso kukacha. Makina a EEG, omwe amayeza timagetsi ta mu ubongo kudzera pa timawaya tomata pamutu, amasonyeza zina. Hans Berger, dokotala wa ku Jena m'dziko la Germany, ndiye anayamba kujambula mafunde a magetsiwa pa munthu mu 1924, ndipo ofufuza obwera m'mbuyo mwake anapeza kuti mafundewa amakula kwambiri munthu akakhala m'tulo tofa nato, osati ali maso.

Chifukwa chake ndi ichi. Selo (kachidutswa kamoyo kakang'ono zedi komwe kamapanga thupi) lililonse la mu ubongo limasunga kamphamvu ka magetsi: mkati mwake mumakhala motsikirapo ndi mamilivoti (muyeso wa mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi) pafupifupi 70 poyerekeza ndi kunja. Likalandira mauthenga okwanira limatulutsa kamphamvu kaja mwamsangamsanga, n'kupatsira maselo ena. Munthu ali maso, maselo amachita zimenezi lililonse pa nthawi yake, ngati anthu pamsika, aliyense ndi nkhani yakeyake. Woima patali amangomva phokoso losamveka mutu wake. M'tulo tofa nato msika uja umasanduka kwaya, onse kuyamba pamodzi, onse kupuma pamodzi. Mircea Steriade ndi anzake ku Quebec anaonetsa izi mu 1993 poyeza maselo a amphaka: maselo ambirimbiri amangoti zii kwa kanthawi kosakwana sekondi, kenako n'kuyambiranso limodzi. Kugwirizana kumeneku ndi kumene kumakuza mafunde pa makina.

Komatu mgwirizanowu uli ndi mtengo wake. Mu 2005 Marcello Massimini ndi Giulio Tononi, ku University of Wisconsin, ankagogoda mbali imodzi ya ubongo wa munthu ndi mphamvu ya maginito kuchokera kunja kwa mutu, n'kumayang'ana komwe mphamvuyo ikulowera. Munthu ali maso, inkayenda kufika mbali zina zakutali. Akagona, malo ogogodedwawo ankayankha mwamphamvu kuposa kale, koma yankholo linkathera pomwepo. Mbali za ubongo zimaleka kuuzana nkhani, ndipo mwina apa ndi pamene pagona chifukwa chimene wogona sadziwira zomwe zikuchitika, chikhalirecho maselo ake akugwirabe ntchito.

Chimene chimandichititsa chidwi koposa si maselowo ayi, koma madzi amene awazungulira. Magetsi a m'thupi sayenda m'mawaya; amayenda ndi timichere tosungunuka m'madzi, monga sodiyamu, potaziyamu, kashiamu ndi maginiziyamu. Gulu la Maiken Nedergaard ku University of Rochester linapeza mu 2013 kuti mbewa zikagona, mipata ya pakati pa maselo imakula ndi pafupifupi 60 peresenti. Mipata ikakula, timichere timayenda momasuka, kutanthauza kuti njira yomwe magetsi amadutsa yasinthanso. Mu 2016 gulu lomweli linaonetsa kuti mbewa ikadzuka potaziyamu wa m'madzimo amakwera, pomwe kashiamu ndi maginiziyamu amatsika, zomwe zimachititsa maselo kukhala apafupi kuthetheka, ndiko kutulutsa kamphamvu kawo ka magetsi kaja. Tulo tikabwera zinthu zimatembenuka. Anafika posintha okha kasakanizidwe ka michereyo pamwamba pa ubongo wa mbewa, ndipo mafunde a pamalopo anasintha kukhala ngati a nyama yogona kapena yodzuka, malinga ndi madzi omwe anathira. Wina mwa mankhwala achilengedwe a mu ubongo amene amayendetsa kusinthaku ndi noradrenaline, yemwe amachuluka tikakhala maso.

Nkhani ya kukula kwa mipata ija anthu anaithamangira, n'kuyamba kulalikira kuti tulo timatsuka ubongo. Apa tisafulumire. Zoyesazi zinachitika pa mbewa, ndipo mu 2024 ofufuza a ku Imperial College London anapeza zotsutsana ndi mfundo ya kutsukayo. Mkangano udakalipo. Koma zoti kayendedwe ka magetsi kamasiyana pakati pa kugona ndi kudzuka, palibe akutsutsa.

Tulo ta maloto, tomwe Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anatizindikira ku Chicago mu 1953, ndi tosiyana: mafunde amabwerera kukhala aang'ono ndi ofulumira ngati a munthu amene ali maso, pomwe minofu ya thupi imakhala yolobodoka.

Nanga munthu akamakana tulo? Maola akamachuluka ali maso, maselo a pamwamba pa ubongo amanka nasavuta kuthetheka. Ndiponso mu 2011 Vladyslav Vyazovskiy ndi anzake anaona kuti makoswe osagonetsedwa amakhala ndi timagulu ta maselo tomwe timangoti zii patokha, khoswe akuyendayenda maso ali tong'o, ndipo pa nthawi zoterozo amaphonya chakudya chimene akufuna kutola. Dalaivala amene wayenda usiku wonse n'kumati "ndili bwinobwino" ndimamukayikira pa chifukwa chimenechi.

Kwa wodwala khunyu nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri. Kusagona ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zoputa kugwa, choncho wodwala amene wachezera pamaliro kapena pamapemphero a usiku wonse akhoza kugwa m'mawa mwake ngakhale amamwa mankhwala mokhulupirika. Achibale amuchitira chifundo akamuuza kuti akagone, ena atsale akuchezera. Ndi chifukwa chomwechi madokotala nthawi zina amauza wodwala kuti achepetse tulo usiku woti mawa lake akajambulidwa EEG, kuti mafunde a khunyu omwe amabisala aonekere. Zimenezi zimachitika dokotala akalamula, ndipo wodwalayo amapita kuchipatala ndi womuperekeza.