Sabata yoyamba ya kambewa ndi maselo ake a CD4

Kambewa kakangobadwa kamalemera galamu imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kalibe ubweya ndipo maso amakhala otseka. M'chifuwa mwake, pamwamba pa mtima, muli kachiwalo koyera kotchedwa thymus. Mukakachotsa kachiwaloka tsiku lomwe kambewako kabadwa, kamakula konyentchera, matenda amakagwira mosavuta, ndipo mukakasokerera khungu la mbewa ya mtundu wina thupi lake silikana. Mukadikira mpaka tsiku lachitatu zinthu zimatembenuka: chitetezo chimakhalapo ndithu, koma m'mitundu ingapo ya mbewa chimaukira thupi la mwini wake. Mukadikira sabata yathunthu, mbewayo imakula bwinobwino. Opaleshoni ndi imodzimodzi, chasiyana ndi tsiku lokha.

Za tsiku lobadwa anazionetsa ndi Jacques Miller ku London mu 1961, nthawi imene madokotala ambiri ankayesa thymus kachiwalo kopanda ntchito. Za tsiku lachitatu anazipeza ndi Yasuaki Nishizuka ndi Teruyo Sakakura ku Nagoya mu 1969. Timbewa tawo tatikazi tinkakula tiziwalo tosunga mazira titawonongeka, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti owononga anali maselo a chitetezo a mbewa zomwezo. Pakati pa nkhani yonseyi pali gulu limodzi la maselo, limene akatswiri amati maselo a T othandiza. Ambiri mumawadziwa ndi dzina loti CD4, aja amawonongedwa ndi kachilombo ka HIV, amene achipatala amawawerenga pofuna kudziwa ngati asilikali a m'thupi alipo okwanira.

Kawirikawiri selo la CD4 silipha lokha kachilombo. Selo lina lotchedwa dendritic limatola tizidutswa ta kachilomboko n'kupita nato m'tizigawo tija timatupa munthu akatuluka mwanabere. Selo la CD4 limene lazindikira kachidutswako limayamba kugawikana, kenako limatulutsa timapuloteni tonyamula uthenga totchedwa ma cytokine. Uthengawo ndi umene umachititsa maselo ena a chitetezo otchedwa B kupanga ma antibody amphamvu (mapuloteni ogwira tizilombo), maselo omeza tizilombo kupha zimene ameza, ndi maselo a CD8 kuwononga maselo amene alowedwa ndi vairasi.

Mbewa imakhala ndi bere masiku pafupifupi 20 okha, choncho nthawi yokonzekera ndi yochepa. Maselo amene adzakhale a T oyambirira amachokera makamaka m'chiwindi cha mwanayo ali m'mimba, pomwe a mbewa yaikulu amachokera m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Akalowa mu thymus amayesedwa kawiri. Osatha kuzindikira chilichonse amafa, ndipo ogwira mwamphamvu zinthu za thupi lenilenilo nawonso amachotsedwa. Oposa 90 pa 100 alionse amathera momwemo. Maselo a CD4 okhwima amayamba kuoneka nthawi yobadwa itayandikira, moti kambewa kamabadwa kapamba ndi tizigawo ta mwanabere tili pafupifupi topanda maselo a T. Ochepa amene atuluka amapeza malo ambiri opanda kanthu ndipo amagawikana msanga kuti adzaze, ngakhale pasanabwere matenda alionse.

Pali chinthu china chimene ine ndimachiona kuti anthu sachipatsa ulemu wokwanira. Selo lililonse la T lili ndi kachida kake kozindikirira adani, kamene kamapangidwa podula ndi kulumikiza tizigawo ta DNA. M'mbewa yaikulu puloteni yotchedwa TdT imawonjezera tizidutswa tina mwachisawawa pamalo olumikizapo, ndipo n'chifukwa chake mitundu ya tizida timeneti imachuluka zedi. Mu thymus ya kambewa puloteniyi imayamba kugwira ntchito patapita masiku atatu mpaka asanu chibadwireni. Maselo opangidwa isanayambe ali ndi tizida tatifupi, ta mitundu yochepa. Poyamba izi zimamveka ngati umphawi. Koma tizida tatifupiti timagwira zinthu za mitundu yambiri, ngati kiyi wa mano ochepa amene amatsegula maloko angapo ngakhale sakwana bwinobwino pa lililonse. Kwa kanyama kokhala ndi maselo owerengeka, selo limodzi lozindikira adani angapo ndi laphindu.

Kwa zaka zambiri ophunzira ankauzidwa kuti chitetezo cha mwana wongobadwa kumene chimangovomera chilichonse. Maganizowa anachokera pa ntchito yabwino kwambiri. Mu 1953 Rupert Billingham, Leslie Brent ndi Peter Medawar anabaya maselo a mbewa ya mtundu wina m'timbewa tili m'mimba, ndipo titakula tinalandira khungu la mtundu umenewo osalikana. Zomwezo zinatheka ndi timbewa tongobadwa kumene. Medawar analandira mphoto ya Nobel mu 1960. Cholakwika sichinali pa zimene anapeza koma pa tanthauzo limene anthu anazipatsa. Mu 1996 magulu atatu a ofufuza analemba m'magazini ya Science zinthu zogwirizana. Gulu la Polly Matzinger linapatsa timbewa tatikazi maselo a dendritic okhaokha ochokera ku mbewa zazimuna, ndipo m'malo movomera, timbewato tinaphunzira kuwakana. Marcella Sarzotti ndi anzake anapeza kuti vairasi wochepa kwambiri ankadzutsa chitetezo chenicheni, pomwe wochuluka ankachisokoneza. Gulu la Paul Lehmann linaonetsa kuti yankho la maselo a CD4 limadalira mankhwala odzutsa chitetezo amene asakanizidwa ndi chinthu chobayidwacho. Maselowo ankatha ntchito kuyambira kale. Ofufuza ankangowakhuthulira mlingo wa mbewa yaikulu pamene iwo ali ochepa kwambiri.

Komabe akasiyidwa kuti asankhe okha, maselo a kambewa ali ndi mbali imene amapendekera. Tim Mosmann ndi Robert Coffman anaonetsa mu 1986 kuti maselo a T othandiza amagawika magulu. A Th1 amatulutsa cytokine yotchedwa interferon gamma, yofunika polimbana ndi tizilombo tobisala m'kati mwa maselo monga ka chifuwa chachikulu. A Th2 amatulutsa IL-4, IL-5 ndi IL-13, zolimbana ndi njoka za m'mimba ndi kukonza minofu yovulala, komanso zomwe zimabweretsa mphumu zikapyola muyezo. Timbewa timapendekera ku Th2, makamaka tikakumana ndi chinthu kachiwiri.

Zifukwa ziwiri zafufuzidwa bwino. Becky Adkins wa ku University of Miami anapeza kuti m'maselo a CD4 a kambewa, chigawo cha DNA chopanga mauthenga a Th2 chimakhala chotseguka kale, pomwe m'mbewa yaikulu chimakhala chotsekedwa mpaka selo litalandira lamulo. Selo lotere likangodzutsidwa limatulutsa IL-4 mwamsanga. Chifukwa chachiwiri chinapezedwa ndi gulu la Habib Zaghouani ku University of Missouri, ndipo n'chopatsa chidwi. Kambewa kamapanga ndithu maselo a Th1 kakakumana ndi chinthu koyamba, koma maselowo amakhala ndi kachida kapadera kolandirira IL-4. Chinthucho chikabweranso, IL-4 yochokera ku maselo a Th2 imafika pa kachidako n'kuchititsa maselo a Th1 kudzipha. Chimene chikanawapulumutsa ndi cytokine ina yotchedwa IL-12, koma maselo a dendritic amene amaipanga yambiri sachuluka mpaka cha m'tsiku lachisanu ndi chimodzi. Likadutsa tsiku limeneli, maselo a Th1 amapulumuka.

Sindikhulupirira kuti kupendekeraku ndi chilema. Mapapo a kambewa amamaliza kupanga timatumba ta mpweya m'masabata awiri oyamba katabadwa kale, ndipo kutupa kwa mtundu wa Th1 kumawononga minofu imene ikukula. Koma mtengo wake ulipo. Gulu la Peter Openshaw ku London linaonetsa mu 2002 kuti timbewa togwidwa ndi vairasi ya m'mapapo yotchedwa RSV m'masiku oyambirira tinkadwala kwambiri tikagwidwanso titakula, mapapo atadzaza maselo a kutupa kwa mtundu wa Th2. Togwidwa koyamba tili tokulirapo sitinkadwala choncho. Tsiku limene selo laphunzira limatsatira nyamayo mpaka kukula.

Tsopano tsiku lachitatu lija likhoza kumveka. Mu 1995 Shimon Sakaguchi anaonetsa kuti pakati pa maselo a CD4 pali kagulu, pafupifupi limodzi pa khumi alionse, kamene ntchito yake ndi kuletsa anzawo kuukira thupi. Amatchedwa ma Treg. Chaka chotsatira gulu lake linapeza kuti maselowa amayamba kuoneka kunja kwa thymus tsiku lachitatu litangodutsa, pamene maselo ena a CD4 atuluka kale. Mukachotsa thymus tsiku lobadwa, palibe amene watuluka wokwanira, woukira kapena woletsa. Mukaichotsa tsiku lachitatu, otha kuukira ali kunja ndipo akugawikana m'malo opanda kanthu aja, oletsa ali ochepa. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri onse alipo. Jini (chigawo cha DNA) imene imapanga selo kukhala Treg ndi Foxp3, yomwe Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell anaipeza mu 2001 pofufuza mbewa zotchedwa scurfy, zimene zazimuna zake zimafa ndi kutupa thupi lonse zisanathe masabata anayi. Awiriwa ndi Sakaguchi analandira limodzi mphoto ya Nobel mu 2025.

Ma Treg opangidwa m'masiku oyambawa salowedwa m'malo mosavuta. Gulu la Diane Mathis ndi Christophe Benoist ku Harvard linaonetsa mu 2015 kuti amakhalabe m'thupi mpaka mbewa itakula, ndipo amateteza ziwalo mwa njira imene opangidwa mochedwa satha. Chaka chomwecho Tiffany Scharschmidt ndi anzake ku San Francisco anapeza kuti ma Treg amakhamukira m'khungu sabata yachiwiri, ndipo mabakiteriya abwino amene akhala pakhungu nthawi imeneyo thupi limawazolowera. Akabwera mbewa itakula kale, kuzolowerana kotere sikuchitika. M'matumbo namo ndi chimodzimodzi. Ma antibody a mumkaka wa mayi amaletsa maselo a CD4 kuchita phuma ndi mabakiteriya oyamba kulowa, ndipo nthawi yoleka kuyamwa, cha m'sabata yachitatu, pamakhala kutupa kwa kanthawi kumene kumasiya ma Treg ena atsopano. Gulu la Gérard Eberl ku Institut Pasteur linaonetsa mu 2019 kuti mbewa zolepheretsedwa kudutsa m'kutupa kumeneku zimadwala matumbo mosavuta zikakula.

Pamene kambewa kamaperewera zenizeni ndi pothandiza maselo a B. Kagulu ka CD4 kotchedwa Tfh sikachuluka bwino m'masiku oyamba, ndipo malo amene maselo a B amakulitsiramo ma antibody amachedwa kukhwima. Katemera woperekedwa nthawi imeneyi amapereka ma antibody ochepa, osakhalitsa. Apa ndi pamene pamafunika kusamala tisanatengere zonsezi kwa anthu. Mwana wa munthu amayamba kupanga maselo a T miyezi itatu yoyamba ya pakati isanathe bwino, TdT imagwira ntchito asanabadwe, ndipo amabadwa ndi ma Treg ake kale. N'chifukwa chake ofufuza za katemera ambiri amagwiritsa ntchito kambewa ka masiku 7 pofuna kuyerekeza ndi khanda la tsiku limodzi. Ngakhale kupendekera ku Th2 sikolimba mofanana: kafukufuku wa ku Gambia wofalitsidwa mu 1999 anapeza kuti makanda obayidwa katemera wa chifuwa chachikulu wotchedwa BCG atangobadwa anapanga maselo a Th1 amene ankakumbukirabe katemerayo patatha chaka.