Musandiuzenso za bondo la Djokovic

Makolo ndi makochi amene amabwera ndi ana ovulala bondo masiku ano amafika yankho ali nalo kale m'kamwa. Ndikangoti mwanayu apume kaye, amati: "Koma adokotala, Djokovic anamuchita opaleshoni ya bondo, pasanathe milungu 6 anali mu fainolo ya Wimbledon." Ine ntchito yanga ndi ya fiziyo, ndimathandiza ovulala minofu ndi mfundo za mafupa, ndipo mawu amenewa andikwana. Ena owanenawo sanaonerepo ndi komwe tenesi, ana awo amasewera mpira wa miyendo kapena wa ntchemberembaye, koma nkhani ya Djokovic amaidziwa.

Zinachitikadi. Mu Juni 2024, ku mpikisano wa French Open, katswiri wa tenesi Novak Djokovic anang'amba chichereŵechereŵe cha m'bondo lakumanja pamene ankasewera ndi Francisco Cerúndolo. Anachoka mu mpikisanowo, anamuchita opaleshoni ku Paris, ndipo pa 14 Julaye analowa m'bwalo ku Wimbledon, mpikisano waukulu wa tenesi wa ku England, bondo atalimanga, kukakumana ndi Carlos Alcaraz. Apa ndi pamene anthu amalekezera nkhaniyi. Satchula kuti munthuyu anapimidwa ndi makina tsiku lotsatira, anasiya mpikisano atafika kale mu kotafainolo, ndipo dokotala anamugwira pasanathe sabata. Satchulanso kuti fainoloyo anagonja maseti (zigawo za masewero) onse atatu, 6-2, 6-2, 7-6. Chimene mukutamacho ndi munthu amene anathamangira kuchipatala. Inu mukuchigwiritsa ntchito ngati chifukwa chosapitirako.

Wimbledon inayamba mu 1877. Kuyambira nthawi imeneyo amasewerera pa kapinga, ndipo mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi ndi wokhawu umene udakali pa udzu. Udzuwo amaumeta kuti utalike mamilimita 8. Mpira sudumpha kwambiri, choncho wosewera amakhala atapinda maondo nthawi yaitali, ndipo masiku oyambirira kapingayo akadali wobiriwira amaterera. Serena Williams, amene anatenga chikhochi maulendo 7, anaterereka m'ndime yoyamba mu 2021, navulala mwendo, nachoka m'bwalo akulira.

Ngati mukufuna phunziro kwa akatswiri a mpikisanowu, yang'anani Roger Federer. Mu 2016 anamuchita opaleshoni ya bondo kumayambiriro kwa chaka, anabwerera, anafika mu semifainolo ya Wimbledon, anagwa pansi akusewera ndi Milos Raonic, anagonja. Kenako anachita chimene makolo ambiri amandikanira: anasiyiratu kusewera chaka chonse chotsalacho, ngakhale masewera a Olimpiki a ku Rio sanapiteko. Atabwerera mu 2017 anapambana Australian Open, kenako Wimbledon kachisanu ndi chitatu, osaluza seti ngakhale imodzi, ali ndi zaka 35. Rafael Nadal naye, atagonjetsa Federer mu fainolo ya Wimbledon ya 2008 imene inatha kukuda, sanabwere kudzateteza chikho chake mu 2009 chifukwa cha maondo. Taganizirani, ngwazi kusiya chikho chili m'manja. Mu 2010 anadzachitenganso. Ndipo mu 2022 anachoka atafika kale mu semifainolo chifukwa mnofu wa pamimba unang'ambika.

Andy Murray ndi amene ndimamumvera chisoni. Mu 2013 anakhala mwamuna woyamba wa ku Britain kupambana Wimbledon chipambanireni Fred Perry mu 1936, anabwerezanso mu 2016, chaka chimene anakhala nambala wani padziko lonse. Mu 2017 anasewera akutsimphina mpaka kugonja kwa Sam Querrey mu kotafainolo. Opaleshoni ya chiuno mu 2018, inanso mu 2019 yomuika chitsulo. Anabwerera ndithu, ndipo kulimba mtima kwake ndimakulemekeza, koma pamwamba paja sanafikeponso.

Tsopano mwana amene sandichoka m'mutu. Mtsikana wa kusekondale, wosewera bwino tenesi, anapotokola bondo pokhota mwadzidzidzi. Linatupa usiku womwewo, m'mawa silinkawongoka mpaka kumapeto. Chizindikiro chimenechi chokha chinali chokwanira, chifukwa bondo lokanika kuwongoka nthawi zambiri limasonyeza kuti kachidutswa ka chichereŵechereŵe kapindikira pakati pa mafupa. Kochi anati n'kubinya chabe, anamumanga bandeji, bambo ake anagula mapiritsi opha ululu pa okala, mwana anapitiriza kusewera chifukwa mpikisano wa sukulu unali pafupi. Zitakanika, wachibale wina anawalozera kwa munthu wotema mphini. Anamutema kuzungulira bondo, anapakamo zakudazakuda, n'kulikoka mwamphamvu kuti liwongoke.

Pamene ankafika kwa ife bondo linali lotentha, mabala akutuluka mafinya, mwana akunjenjemera ndi kutentha thupi. Madokotala anayenera kuyamba kulimbana ndi matenda amene analowa mu mfundo, zakung'ambika zija kenako. Moyo wake unapulumuka, mwendo anausunga. Koma bondolo silipindika ngati kale, ndipo chichereŵechereŵe chimene chikanasokedwa akanabwera msanga chinali chitatheratu. Ndinamuphunzitsa kukwera masitepe, mwana amene ankathamanga bwalo lonse. Bambo ake si munthu woipa. Ankamukonda mwana wawo, anaononga ndalama zambiri kuposa zimene akanalipira pa minibasi yopita kuchipatala tsiku loyamba. Chimene chimandipweteka n'chakuti onse omuzungulira ankaganiza kuti akumulimbitsa.

Mvetserani bwino. Kung'ambika kwa chichereŵechereŵe sikumodzi. Kwina dokotala amangochotsa kachidutswa, munthu n'kuyenda pakatha milungu yochepa. Kwina amasoka, ndipo pamafunika miyezi. Kwa mwana timayesetsa kusoka, chifukwa chimene chachotsedwa sichimeranso, ndipo bondo lopanda chotetezera chimenechi limayamba nyamakazi msanga. Mwayi wosoka umachepa pamene mukuchedwa. Mwana wanu alinso ndi mafupa amene akukula, ali ndi malo ofewa kumapeto kwa fupa amene munthu wa zaka 37, monga analili Djokovic panthawiyo, alibe.

Bondo likatupa pakangotha maola ochepa chivulalireni, pitani kuchipatala. Mwana akanena kuti anamva kuti thwa mkati, kapena bondo likumamugonja poyenda, kapena likukana kuwongoka, kapena sangaponde, pitani, ndipo asasewerenso kufikira atapimidwa. Likatentha, n'kufiira, mwana n'kutentha thupi, musadikire kuti kuche. Ululu wodzutsa mwana usiku popanda kuvulala kulikonse usakuchedwetseni, chifukwa zotupa za m'fupa zimakonda msinkhu womwewu ndiponso malo omwewa. Wachinyamata wotsimphina amene akuloza bondo amupimenso chiuno, pakuti vuto la m'chiuno limatha kumveka pa bondo.

Lezala asayandikire mfundo yotupa. Khungu la pa bondo ndi lopyapyala, mfundo ili pafupi, ndipo tizilombo tikalowamo timadya chichereŵechereŵe m'masiku ochepa. Osanenanso za kafumbata, HIV ndi matenda a chiwindi ngati lezalayo yatemera anthu angapo. Chenjeraninso ndi obaya jakisoni m'nyumba ndi kuseri kwa misika, amene amalonjeza kuti mwana asewera Loweruka. Ululu amauphadi, koma chong'ambika chija chimapitiriza kung'ambika mwana asakumva. Wokoka mwendo kuti "aubwezere m'malo" asanaone chithunzi cha fupa, mukanizeni ngakhale akhale malume ake a mwanayo. Ndipo inu makochi, mwana akakuuzani kuti bondo likupweteka, mutulutseni m'bwalo tsiku lomwelo, muuze makolo ake inuyo ndi pakamwa panu, musamutume yekha, chifukwa mwana wofuna kusewera akafika kunyumba amabisa.