Kodi bambo wosapereka ndalama asamaone mwana wake?

M'magulu a WhatsApp a Amalawi kuno ku Joni, makamaka cha ku Rosettenville, mwafala nkhani yoti bambo akasiya kupereka ndalama zosamalira mwana, mayi ali ndi ufulu womuletsa kumuona. Limeneli ndi bodza.

Lamulo la ana la South Africa la 2005 silisakaniza nkhani ziwirizi. Za ndalama kadandauleni ku khoti la maintenance, kwa majisitireti. Koma ngati khoti linagamula kale masiku oti bamboyo azicheza ndi mwana, kumubisa ndi mlandu: chindapusa kapena ndende mpaka chaka chimodzi.

Mkwiyo wa amayi ndikuumvetsa ndithu, lendi ya kuno si masewera. Mukalephera kumvana za masikuwo, ofesi ya boma ya Family Advocate, yothandiza makolo pa mikangano yokhudza ana, imakukhalitsani pansi mwaulere.