Kuyeza mitsempha ndi magetsi: zofunika kudziwa musanapite kuchipatala

Dzanzi losatha m'manja, mapazi otentha ngati mwaponda makala, miyendo yofooka popanda chifukwa chooneka: mavuto ngati amenewa angachititse dokotala kukutumizani kukayezedwa mitsempha. Ena mwa ife kuno ku Joni tikangomva kuti "akakuikani magetsi", tsiku loyezedwa likafika sitipita. Musaope. Magetsi ake ndi ochepa kwambiri, ndipo sawalowetsa m'mutu.

Kuyeza kumodzi kumatchedwa SSEP. Mukakhudza chinthu, uthenga umachoka pakhungu, kudutsa mumtsempha, kukwera mumsana mpaka kukafika muubongo. Madokotala amafuna kudziwa ngati uthengawo ukufika, komanso ngati ukuchedwa panjira.

Mumagona kapena kukhala pampando. Woyezayo amamata timawaya pamutu, pakhosi ndi pamwamba pa phewa; timeneti ntchito yake n'kumvetsera basi. Kenako amagunditsa kachipangizo pamkono, pafupi ndi pamene timamangira wotchi, n'kuyamba kutekenya mtsempha. Chala chachikulu chimayamba kugwedera chokha, ngati chikuvina. Ena amaseka, ena amachita tsinya, koma zimapiririka. Kwa munthu wabwinobwino, uthenga wochokera pamkono umafika muubongo pakatha mamilisekondi pafupifupi 20, ndipo wochokera pakakolo pafupifupi 40. Mamilisekondi 1,000 ndiye sekondi imodzi, choncho uthengawo umafika diso lisanamalize kuphethira. Ukachedwa kapena kusowa, amaona pamene wathera: m'dzanja, pakhosi kapena mumsana.

Musadabwe akamabwereza kambirimbiri. Yankho la ubongo ndi laling'ono zedi, limamira m'phokoso la ntchito zina za ubongowo, monga mawu a munthu mmodzi pa Park Station, siteshoni yaikulu ya sitima ndi mabasi ku Joni, nthawi yoweruka. Kompyuta imaphatikiza mayankho mazanamazana mpaka lenilenilo lioneke. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi George Dawson wa ku London, amene anajambula mayankho oterewa mu 1947.

SSEP imathandizanso pa opaleshoni ya msana, pochenjeza madokotala mtsempha ukayamba kupanikizika, komanso kwa wodwala amene wakomoka mtima utaima kwakanthawi.

Pokonzekera, sambani m'mutu ndipo musadzole mafuta alionse m'tsitsi kapena pakhungu, chifukwa timawaya sitigwira. Amayi amene mwaluka kapena kusokerera tsitsi, funsiranitu ngati muyenera kumasula. Idyani monga mwa masiku onse. Nenani mankhwala amene mukumwa, komanso ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. M'miyezi ya June ndi July valani zofunda, poti manja ozizira amachedwetsa uthenga.

Sikuti dzanzi lililonse limafuna SSEP. Nthawi zambiri gwero lake ndi matenda a shuga, HIV, mowa, kuchepa kwa vitamini B12, kapena mankhwala a TB otchedwa isoniazid, n'chifukwa chake isoniazid amamuperekera limodzi ndi vitamini B6. Musasiye mankhwala panokha. Yambani kukiliniki ya m'dera lanu; akaona kufunika, adzakulemberani kalata yopita kwa akatswiri a mitsempha kuzipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto.

Koma dzanzi likabwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu osamveka, zimenezo si zodikirira kalata. Ikhoza kukhala sitiroko. Imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177 nthawi yomweyo.