Makolo amene anakana kutuluka m'sukulu ya Blue Quills

Pafupi ndi tauni ya St. Paul, m'chigawo cha Alberta ku Canada, pali chinyumba cha njerwa chimene chinatsegulidwa mu 1931. Amachitcha Blue Quills. Kwa zaka pafupifupi 40 inali sukulu yogonera komweko, m'manja mwa ansembe a Katolika a chipani cha Oblate, ndipo ana a eni nthaka a mitundu ya Cree ndi Dene ankatengedwa kumudzi n'kukasiyidwa kumeneko.

Sukulu zotere zinali ponseponse m'dzikomo. Boma linayamba kuziikira ndalama mu 1883, mipingo n'kumaziyendetsa, ndipo ana a eni nthaka pafupifupi 150,000 anadutsamo. Mu 1920 lamulo lotchedwa Indian Act linasinthidwa kuti kupita kusukulu kukhale kokakamiza kwa mwana wa zaka 7 mpaka 15. Mwana akafika ankametedwa tsitsi, kuvulidwa zovala za kwawo, ena ankapatsidwa nambala yoti azidziwika nayo. Akamveka akulankhula chinenero cha amayi ake, chilango. Kumudzi nakonso kunalibe mpumulo, poti miyambo ikuluikulu monga potlatch, phwando logawana mphatso, inali yoletsedwa ndi lamulo mpaka 1951. Mwana ankabwerera kwawo ali mlendo, osatha kucheza ndi agogo ake.

Mu 1969 boma linaganiza zotseka Blue Quills, ana azikaphunzira m'sukulu za m'tauni limodzi ndi ana a azungu. Makolo sanafunsidwe. Munthu angaganize kuti akanavina ndi chimwemwe kuona malo amene anawazunza akutsekedwa, koma iwo anaona chinthu china: ana awo azipitabe kukaphunzira mbiri ya anthu ena, kwa aphunzitsi osadziwa ngakhale moni wa Chicree. Anati sukuluyo isatsekedwe, makiyi apatsidwe iwo.

Mu Julayi 1970 analowa m'sukulumo n'kukhazikika. Mmodzi mwa otsogolera anali Stanley Redcrow. Anthu ankabwera kuchokera m'midzi yozungulira, nkhalamba ndi achinyamata omwe, kugona momwemo, kuimba ndi kupemphera mwa chikhalidwe chawo m'nyumba imene kale zimenezi zinali mlandu. Anakhalamo masiku 17. Nthumwi zawo zinakakumana ndi nduna yoona za eni nthaka, Jean Chrétien, yemwe anadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo mu 1993, ndipo boma linagonja. Pofika 1971, Blue Quills inali sukulu yoyamba ya mtunduwu ku Canada kuyendetsedwa ndi eni nthaka okha.

Moto unafalikira. Mu 1972 bungwe la eni nthaka la National Indian Brotherhood linalemba chikalata chotchedwa Indian Control of Indian Education, chonena kuti makolo ndi midzi ndiwo ayenera kulamulira zimene ana awo amaphunzira, ndipo boma linachivomereza mu 1973. Koma kuvomereza papepala n'kwina, kuchita n'kwina. Sukulu ina yogonera yotere, ya Gordon m'chigawo cha Saskatchewan, inadzatsekedwa mu 1996. Boma linapepesa mu 2008, kenako komiti yofufuza choona ndi kuyanjanitsa anthu, motsogozedwa ndi woweruza Murray Sinclair, inatulutsa mfundo 94 mu 2015. Mfundo ya nambala 62 ndi yoti mbiri ya sukuluzi, mapangano a malo ndi zimene eni nthaka anachita m'dzikomo zilowe m'silabasi kuyambira kumkaka mpaka kumapeto kwa sekondale. M'chigawo cha British Columbia, kuyambira chaka cha sukulu cha 2023, wophunzira aliyense sangamalize sekondale osatenga phunziro lokhudza eni nthaka.

Mkangano umene ulipobe ndi wakuti aphunzitse ndani. Mphunzitsi wochokera kutali, buku lili m'manja, akhoza kutchula zaka zonsezi osaphonya. Koma pamzere wachitatu pakhala mtsikana amene agogo ake anametedwa tsitsi m'sukulu yomwe ikutchulidwayo, ndipo kwa iye nkhaniyi ndi ya kunyumba. N'chifukwa chake midzi yambiri imaumirira kuti akuluakulu azilowa m'kalasi, ndipo ana azituluka kupita kutchire kukaphunzira kufufuta chikopa, kuzindikira zitsamba ndi kutchula malo ndi mayina ake akale.

Chinyumba chija chikadalipo. Lero ndi yunivesite ya eni nthaka, amaphunzitsamo Chicree ndi Chidene, ndipo m'dzina lake muli mawu a zinenero ziwirizi, Blue Quills n'kubwera kumapeto.